Mbiri ya Ngodya Zitatu

Nkhani ino ndi ya chinthu chimene mwana wa sukulu achiphunzira ndipo mmisiri achigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka okha amene adziwa kumene chinachokera. Chinthucho ndi thirayango, ndiko kuti chithunzi cha mbali zitatu ndi ngodya zitatu, monga chija chioneka kumapeto kwa denga la nyumba ya njerwa, pamene mapaso awiri akumana pamwamba ndi mtanda uwagwira m'munsi. Aphunzitsi amati ngodya zitatu za thirayango iliyonse zikaphatikizidwa zikwana madigiri 180, osapitirira, osaperewera. Ana alemba mawuwo m'makope mwawo nakhoza nawo mayeso. Komatu anthu anamanga nyumba ndi kuyeza minda zaka zambirimbiri asanalidziwe lamuloli, ndipo atalidziwa anavutika ndi maziko ake zaka zoposa 2,000.

Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri amene anayenda m'dziko la Egypt zaka zoposa 400 Khristu asanabadwe, anasimba kuti nzeru ya kuyeza inayambira m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Mfumu inagawira anthu minda, yense wake, nilandira msonkho chaka ndi chaka. Koma mtsinjewo unali kusefukira, ndipo ukakokolola gawo la munda wa munthu, mwini wake anali kupita kukadandaula. Pomwepo mfumu inali kutuma anthu kukayeza nthaka yotsalayo, kuti msonkho uchepe monga mwa kuchepa kwa munda. Dzina la phunziroli, jometiri, lichokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza dziko, lina kuyeza. Ngati Herodotus ananena zoona, oyambitsa phunziroli anali alembi a msonkho, pamodzi ndi alimi osafuna kulipirira nthaka imene inapita ndi madzi. Yense amene anakhalapo pa mlandu wa malire a dimba dzinja litatha adziwa kuti nkhani yotere si yamasewera ayi.

Umboni wa luso lawo ulipo kufikira lero. Cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera pa pepala la gumbwa masamu a m'buku lina lakale koposa. Pepalalo analigula Henry Rhind ku Luxor m'chaka cha 1858, ndipo gawo lake lalikulu lisungidwa ku British Museum mu London. M'menemo muli samu ya kupeza kukula kwa munda wa ngodya zitatu, mulinso masamu a kupendekeka kwa mapiramidi, manda aja aakulu a mafumu. Omanga a ku Egypt analibe madigiri. Funso lawo linali lakuti, khoma likakwera mkono umodzi, lilowa m'kati zikhato zingati? Mkono wawo unali wa zikhato 7, ndipo piramidi lalikulu la ku Giza lilowa m'kati zikhato 5 ndi theka pa mkono uliwonse. Madigiri anachokera kwina, kwa openda nyenyezi a ku Babylon, amene anali kuwerenga m'magulu a 60 nagawa mzere wozungulira m'magawo 360. Ndicho chifukwa chake ngodya ya sikweya, ija ya pakati pa khoma loongoka ndi pansi posalala, ili madigiri 90, ndipo munthu wotembenuka kuyang'ana kumene wachokera watembenuka madigiri 180.

Koma Ahmes aonetsa njira chabe. Sanena chifukwa chake njirayo ili yoona. Amene anayamba kufunsa chifukwacho, monga mwa mbiri ya Agiriki, ndiye Thales wa ku Miletus, mzinda wa amalonda umene unali m'mbali mwa nyanja, m'dziko limene lero litchedwa Turkey. Iye anakhala ndi moyo pafupifupi zaka 600 Khristu asanabadwe. Zimene zidziwika za iye zinalembedwa ndi anthu a m'mbuyo mwake, makamaka Proclus, amene anabadwa patapita zaka ngati 1,000, natenga nkhani zake m'buku la Eudemus, wophunzira wa Aristotle. Asimba kuti Thales anapeza kutalika kwa piramidi poyeza mthunzi wake pa nthawi imene mthunzi wa munthu ulingana ndi msinkhu wake. Asimbanso kuti anali kudziwa kutalikira kwa chombo chili panyanja, iye ali pamtunda, poyeza mbali imodzi ndi ngodya ziwiri.

Zina zimene amtamanda nazo zioneka zachibwana poyamba. Munthu akapingasa ndodo ziwiri monga chilembo X, pakhala ngodya zinayi, ndipo Thales anati ziwiri zoyang'anizana zili zofanana. Omvera ena adzati, nanga zimenezi sizioneka ndi maso? Zionekadi, koma maso anyenga, ndipo chingwe choyezera chitamuka. Chifukwa chenicheni ndi ichi. Ngodya ya kumanzere pamodzi ndi ya pamwamba zidzaza mzere woongoka wa ndodo imodzi, ndiwo madigiri 180. Ngodya ya kumanja pamodzi ndi ya pamwamba yomweyo zidzaza mzere wa ndodo inayo, madigiri 180 omwewo. Tsono pochotsa ya pamwambayo ku mbali zonse ziwiri, zotsalazo sizingathe kusiyana. Palibe chimene chayezedwa apa, komabe mawuwo agwira ndodo zonse za pa dziko lapansi, zazitali ndi zazifupi, zimene zinapingasidwa kale ndi zimene zidzapingasidwa mawa. Mlembi wa ku Egypt akanayeza ndodo 1,000, sakanatha kulumbirira ya 1,001.

Lamulo la madigiri 180, ati Eudemus, analipeza ndi ophunzira a Pythagoras, gulu limene linakhala kumwera kwa Italy. Wofuna kuliona ndi maso adule pepala la ngodya zitatu, ang'ambe ngodyazo, naziike pamodzi nsonga zitakumana. Adzaona kuti zifola mzere woongoka. Koma kumeneko ndi kuona kwa pepala limodzi. Umboni wa Agiriki unali wotere. Pa nsonga ya pamwamba ya thirayango alembapo mzere woyenda molingana ndi tsinde lake, wosakumana nalo konse, monga ziyendera zitsulo ziwiri za njanji. Mzere wopendekeka ukadula mizere iwiri yotereyi upanga chilembo Z, ndipo ngodya ziwiri za m'kati mwa Z zili zofanana. Chotero ngodya ya pansi kumanzere ili ndi inzake yofanana nayo pamwamba, ndi ya pansi kumanja chimodzimodzi. Ziwiri za pamwambazo, pamodzi ndi ya pa nsonga imene ili pakati pawo, zidzaza mzere woongoka uja. Mlandu watha pomwepo.

Lamulo limeneli libala ana ambiri. Thirayango singakhale ndi ngodya ziwiri za sikweya, pakuti ziwirizo zikanatha madigiri onse 180, yachitatu nisowa pokhala. Ya mbali zitatu zofanana ili ndi madigiri 60 pa ngodya iliyonse. Mmisiri amene adula mapaso awiri ofanana nawakumanitsa pamwamba pa madigiri 100 adziwiratu kuti m'munsi yense adzakhala pa madigiri 40. Ndipo mthunzi uja wa Thales umveka tsopano: msinkhu ndi mthunzi zikalingana, thirayango ili ndi sikweya imodzi ndi ngodya ziwiri za 45, kaya choimacho ndi munthu kapena piramidi.

Amene anasonkhanitsa zonsezi ndiye Euclid, mphunzitsi wa ku Alexandria, mzinda wa Agiriki wa m'mphepete mwa nyanja ku Egypt, zaka ngati 300 Khristu asanabadwe. Buku lake, limene m'Chingerezi litchedwa Elements, lili ndi zigawo 13, ndipo mayina a mathirayango amene ana aloweza lero achokera kumayambiriro kwa chigawo choyamba. Anawagawa kawiri. Poyang'ana mbali, pali ya mbali zitatu zofanana, pali ya mbali ziwiri zofanana, imene Agiriki anaitcha isosceles, ndiko kuti ya miyendo yofanana, ndipo pali ya mbali zonse zosiyana, imene anaitcha scalene, ndiko kuti yosalingana. Poyang'ana ngodya, pali ya sikweya, pali ya ngodya imodzi yotambasuka koposa sikweya, ndipo pali imene ngodya zake zonse zili zosongoka. Euclid sanatchule madigiri ndi kamodzi komwe. Muyeso wake unali sikweya, ndipo lamulo lija iye analinena kuti ngodya zitatu zilingana ndi masikweya awiri. Phunziro lake lachisanu, lotsimikiza kuti thirayango ya miyendo yofanana ili ndi ngodya ziwiri zofanana m'munsi, linagwetsa ophunzira ambiri a ku Ulaya, kotero kuti analipatsa dzina lachipongwe lakuti ulalo wa abulu, pakuti ofooka anali kukanika kuwoloka pamenepo.

Euclid anadziwa kuti munthu sangatsimikize zonse. Mawu alionse atsamira pa ena, ndipo pansi penipeni payenera kukhala maziko amene angovomerezedwa. Chifukwa chake anayamba ndi mfundo zisanu zimene anapempha wowerenga kuti azilole popanda umboni. Zinayi zoyamba n'zazifupi ndi zosakanika, monga yakuti masikweya onse afanana. Yachisanu ndi yaitali, ndipo ikamba za mizere iwiri yopendekera kumodzi, kuti ikatalikitsidwa idzakumana ndithu, ngakhale kupendekako kuchepe motani. John Playfair wa ku Scotland anainena mwa njira yapafupi m'chaka cha 1795: pa malo amodzi a pambali pa mzere woongoka pangathe kupita mzere umodzi wokha wosakumana nawo. Euclid mwini wake aoneka kuti anachita nayo mantha. Maphunziro ake 28 oyamba anawatsimikiza osaikhudza konse, naitenga pa la 29, lija la chilembo Z, pamene panalibenso njira yoilambalala. Lamulo la ngodya zitatu ndi la 32, ndipo liima pa la 29. Mfundo yachisanu ikagwa, madigiri 180 agwa nayo.

Vuto lake ndi lakuti mfundoyo ikamba za kutali kumene sikunafike munthu. Ndani anatsatapo mizere iwiri kufikira kumapeto kuti aone ngati ikumana? Choncho akatswiri a mibadwo yambiri anafuna kuitsimikiza pogwiritsa ntchito zinayi zija zokha. Proclus anayesa. Buku la Euclid litamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad cha m'ma 800, anayesa Ibn al-Haytham ku Cairo, anayesa Omar Khayyam wa ku Persia m'chaka cha 1077, munthu amene ambiri amdziwa ndi ndakatulo, anayesanso Nasir al-Din al-Tusi m'zaka za m'ma 1200. Onsewa anali anzeru zakuya, koma aliyense analowetsa mfundo ina imene inaoneka yosakanika, ndipo poifufuza bwino inapezeka kuti ndi yachisanu yomweyo itavala malaya ena. Bukulo linamasuliridwa kuchokera m'Chiarabu kupita m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100, linasindikizidwa pa makina ku Venice m'chaka cha 1482, linatuluka m'Chingerezi mu 1570, ndipo funsolo linayenda nalo konseko.

Amene anafika pafupi koposa ndiye wansembe wa ku Italy, Girolamo Saccheri, amene buku lake linatuluka mu 1733, chaka chomwe iye anamwalira. Njira yake inali yochenjera. Anati pali zotheka zitatu: ngodya za thirayango zikwana masikweya awiri, kapena ziposa, kapena ziperewera. Akaonetsa kuti ziwiri zotsirizazo zifikitsa munthu pa mawu odzitsutsa okha, yoyamba idzatsala yokha, Euclid nadzayera. Ya kuposa anaigwetsa mosavuta. Ya kuperewera anailondola masamba ambiri, napeza zodabwitsa zosiyanasiyana, koma kudzitsutsa sanakupeze. Potsiriza anangoikana, nati zotere sizigwirizana ndi khalidwe la mzere woongoka. Anali atatsegula chitseko cha nyumba yatsopano, nachitsekanso ndi dzanja lake, chifukwa anapita kukafuna china.

Patapita zaka pafupifupi 100, anthu awiri osadziwana analowa m'nyumbamo. Nikolai Lobachevsky, mphunzitsi wa ku Kazan m'dziko la Russia, anasindikiza zake mu 1829. János Bolyai, msilikali wachinyamata wa ku Hungary, anatulutsa zake mu 1832, monga masamba owonjezera kumapeto kwa buku la atate wake. Atatewo, Farkas Bolyai, anali atataya zaka zambiri pa funso lomweli, ndipo anamchenjeza mwana wawo m'kalata kuti alileke lingamuonongere moyo. Mwanayo sanamvere. Onse awiri anaonetsa kuti nkotheka kumanga jometiri yathunthu m'mene ngodya za thirayango ziperewera pa 180, ndipo thirayango ikakula kupereweraku kukulanso. Atate a János anatumiza masambawo kwa bwenzi lawo Carl Friedrich Gauss, katswiri wamkulu wa masamu wa ku Germany. Gauss anayankha kuti iye anali ataganiza zomwezo kalekale, ngakhale sanazisindikize. Yankholo linamsweratu mtima mnyamatayo, ndipo sanasindikizenso kanthu ka masamu kufikira imfa yake mu 1860. Gauss sanachite bwino pamenepa, pakuti mawu ake ochepa oyamikira poyera akanamveka Ulaya yense. Mu 1868 Eugenio Beltrami anatsimikiza kuti jometiri yatsopanoyo ili yolimba monga ya Euclid. Chotero kunadziwika kuti mfundo yachisanu singatsimikizidwe ndi zinayi zija, ndi kuti Euclid anachita mwanzeru poipempha chabe.

Omvera asaganize kuti aphunzitsi anamiza ana. Lamulo la 180 lili loona ndithu pa malo osalala, pa pepala, pa bolodi, pa denga la nyumba. Lisintha pamene malowo apindika. Pa mpata wa pakati pa mapiri awiri, pamene nthaka ikwera uku ndi uko nitsika kutsogolo ndi kumbuyo, ngodya ziperewera. Pa chinthu chobulungira ziposa, ndipo ichi openda nyenyezi anachidziwa kale. Menelaus wa ku Alexandria anachilemba cha m'ma 100 Khristu atabadwa. Wofuna kuchiona atenge lalanje ndi mpeni. Alembe mzere wozungulira pamimba pake, ndipo kuchokera pa phata atsitse mizere iwiri yotalikirana sikweya imodzi kufikira pa mzere wa pamimbawo. Yonse iwiri ifika moongoka. Pamenepo ali ndi thirayango ya masikweya atatu, madigiri 270.

Dziko lapansi nalonso ndi lobulungira, ndipo apa nkhaniyi ifika ku maiko a kuno. Pamwamba pa mapiri ambiri a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pali zipilala zazifupi za simenti zimene anamanga oyeza dziko. Chilichonse ndi nsonga ya thirayango yosaoneka, imene mbali zake zidutsa mumlengalenga kuchokera phiri lina kufika lina. Njira yake ndi ija ya Thales ndi chombo chake: wodziwa mbali imodzi ndi ngodya ziwiri za kumapeto kwake adziwa thirayango yonse. Oyezawo anali kusankha chigwa chosalala nayeza mzere umodzi wa makilomita angapo mosamala kwambiri, ndi mipiringidzo kapena mawaya achitsulo. Kuyambira pamenepo sanali kuyezanso pansi ayi. Anali kukwera mapiri ndi makina oyezera ngodya otchedwa theodolite, nawerengera mbali zotsalazo papepala, ndipo mbali ya thirayango yoyamba inali kusanduka tsinde la yachiwiri, unyolo nupitirira.

David Gill, amene anakhala mkulu wa nyumba yopendera nyenyezi ku Cape Town mu 1879, anafuna kuti unyolo wotere uyende kuchokera kumwera kwa Africa kufikira ku Egypt, kutsata mzere wa pa mapu wa madigiri 30 kum'mawa, kuti kukula ndi maonekedwe a dziko lapansi zidziwike bwino. Alexander Simms anautsogolera m'dziko limene lero ndi Zimbabwe kuyambira 1897 kufikira 1901. Tryggve Rubin wa ku Sweden anaupitiriza kumpoto kwa Zambezi, m'dziko limene lero ndi Zambia, kulinga ku nyanja ya Tanganyika, kuyambira 1903 kufikira 1906. Ntchitoyo inali yowawa. M'dzinja mitambo inali kuphimba mapiri, m'chilimwe utsi wa lupsa unali kutseka maso, ndipo katundu yense, makina olemerawo, mahema ndi chakudya, anakwera mapiriwo pa mitu ndi pa mapewa a amtengatenga, anthu a m'midzi amene mayina awo sali pa mapu alionse. Nkhondo ndi kusowa kwa ndalama zinaimitsa ntchitoyo kangapo. Gill anamwalira mu 1914 osaona mapeto ake, ndipo mpata wotsiriza, wa pakati pa Uganda ndi Sudan, unatsekedwa mu 1954.

Ngakhale ngodya ziwiri zinali zokwanira, oyezawo anali kukwera ndi phiri lachitatu lomwe, kuti ngodya yachitatu ikhale mboni ya zinzake. Koma sanali kuyembekeza madigiri 180 enieni. Digiri igawika m'mamineti 60, ndi mineti m'masekondi 60, ndipo chifukwa cha kubulungira kwa dziko ngodya zitatuzo ziposa ndi sekondi imodzi pa malo alionse okula ngati makilomita 14 m'litali ndi 14 m'lifupi. Gauss mwini wake, poyeza dziko la Hanover m'zaka za m'ma 1820, anali ndi thirayango ya mapiri atatu imene mbali yake yaitali inali makilomita 107, ndipo kuposa kwake kunali pafupifupi masekondi 15. Pa mapiri atatu otalikirana makilomita 50, kuposako kukhala masekondi 5 ndi theka. Woyeza anali kuwerengeratu chiwerengero chimenechi, nachifanizira ndi chimene wapeza ndi makina ake. Zikasiyana pang'ono, anali kugawa kusiyanako pa ngodya zonse zitatu. Zikasiyana kwambiri, anali kuitananso amtengatenga, nakweranso phirilo.